Khungu Lililonse Lili ndi Zosowa Zake

Sabata ino tikambirane za chovala chimene aliyense wa ife adabadwa nacho, chimene sitivula posamba, pogona, ngakhale pa tsiku lotiika m'manda. Tikunena khungu. Mwina ena adabwa kuti nkhani yotere ikufuna chiyani pa tsamba la parishi, popeza ambiri amayesa kuti za mafuta odzola n'zokambirana atsikana ku saluni. Koma tayendani m'misika yathu, ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, muone timabotolo ndi timachubu tolonjeza nkhope yoyera m'masiku owerengeka. Kenaka mufunse kumene munthu wachialubino angapeze mafuta omuteteza ku dzuwa. Mudzaona kuti zinthu zatembenuzika. Mafuta owononga khungu ali ponseponse ndipo ndi otchipa, pamene mafuta opulumutsa moyo ndi osowa ndiponso odula. Ife tikuti chisokonezo chimenechi gwero lake ndi kusadziwa chinthu chimodzi: makungu a anthu amasiyanadi, koma amasiyana pa zimene amafuna kuti akhale athanzi, osati pa ulemu umene mwini khunguyo ayenera kulandira.

Chimene chimapatsa khungu maonekedwe ake ndi utoto wotchedwa melanini, umene umapangidwa ndi timaselo tina tokhala m'kati mwa khungulo. Chodabwitsa n'chakuti Mchewa wa ku Dedza, Mmwenye wa ku Mumbai ndi mzungu wa ku Oslo ali ndi timaselo timeneti pa chiwerengero chofanana pafupifupi. Kusiyana kuli pa kuchuluka kwa utoto umene timaseloto timapanga, mtundu wake, ndi m'mene umamwazikira m'khungu. Ntchito ya utotowu si kukongoletsa ayi. Uli ngati ambulera wophimba thupi ku cheza china cha dzuwa chosaoneka ndi maso, chotchedwa UV, chimene chimatentha khungu, kulikalambitsa msanga ndi kuyambitsa khansa.

M'chaka cha 2000, akatswiri awiri, Nina Jablonski ndi George Chaplin, adayerekeza mphamvu ya cheza chimenechi m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi ndi khungu la eni nthaka a maderawo. Adapeza kuti kumene cheza chili champhamvu, monga kuno kufupi ndi ikweta, anthu ake ndi akuda. Kumene chili chofooka, anthu ake ndi oyererako. Chifukwa chake adachifotokoza motere: dzuwa likachuluka limawononga vitamini wina wa m'magazi wotchedwa folate, amene mwana wosabadwa amamufuna kuti aumbike bwino, komanso thupi limafuna dzuwa pang'ono kuti lipange vitamini D wolimbitsa mafupa. Makolo a anthu onse adachokera ku Africa. Amene adatsala m'maiko a dzuwa lambiri adasunga ambulera wawo wochindikala, ndipo amene adasamukira kumpoto, kwa dzuwa lochepa, khungu lawo lidayera pang'onopang'ono m'mibadwo yambirimbiri kuti lizilandira kadzuwa kochepa komweko. Choncho khungu lakuda si tsoka, ndipo loyera si mphotho. Onse awiri ndi mayankho a thupi ku funso limodzi: kodi dzuwa la kuno ndi lotani?

Mavuto amayamba pamene munthu ndi dzuwa lake asiyana. Azungu amene makolo awo adachoka ku Britain ndi ku Ireland kukakhala ku Australia adatenga khungu la dziko la mitambo kupita nalo ku dziko la dzuwa loswa mtengo, ndipo lero Australia ndi New Zealand ndiwo ali patsogolo pa dziko lonse pa khansa yoopsa ya pakhungu yotchedwa melanoma. N'chifukwa chake kuyambira mu 1981 ana a kumeneko amaphunzitsidwa kuvala malaya, kudzola mafuta oteteza ku dzuwa ndi kuvala chipewa asanatuluke. Abale athu amene adapita ku Britain kukagwira ntchito ya unamwino kapena kukaphunzira ali ndi vuto la mbali inayo. Khungu lawo limatchinga kadzuwa kochepa ka ku Manchester ndi ku Glasgow, motero thupi limaperewera vitamini D, mafupa ndi kumaphwanya, ana ena miyendo ndi kupindika. Achipatala a kumeneko amalangiza anthu onse kumwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse m'miyezi yozizira, koma a khungu lakuda amawalangiza kuti aganizire zomwa chaka chonse. Taonani, anthu awiri oyandikana nyumba, mvula imodzi, dzuwa limodzi, koma zosowa zosiyana.

Makolo a mitundu yambiri ankazidziwa izi popanda kupita ku sukulu. Agogo athu ankakazinga ndi kusinja nsatsi, ndi kuwiritsa kuti atenge mafuta odzola. Ku Ghana ndi ku Burkina Faso amayi amayenga mafuta a mtengo wa shea otchinjiriza khungu ku mphepo youma ya kuchipululu. Amayi a mtundu wa Himba ku Namibia amasakaniza mafuta a mkaka ndi dothi lofiira, amayi a Chimakua a m'mbali mwa nyanja ku Mozambique amapaka kumaso ufa woyera wa mtengo wotchedwa mussiro, ndipo ku Myanmar ali ndi wawo wotchedwa thanaka. Aliyense ankayang'ana khungu lake ndi nyengo ya kwawo.

Nanga khungu lathu lakudali limafuna chiyani? Pali bodza lina loti khungu lakuda ndi chikumba, silimva kanthu. Zoona zake n'zakuti lili ndi mavuto akeake. Loyamba tonse tikulidziwa: ikafika June ndi July, mwera ukamaomba, miyendo imatuwa kuti mbuu, milomo ndi zidendene ndi kumang'aluka. Khungu la mtundu uliwonse limauma, koma pa lakuda kutuwako kumaonekera patali. Mankhwala ake si odula: kusamba ndi sopo wosaluma, kusakhula thupi ndi mwala mpaka kuwawa, ndi kudzola Vaseline, glycerine kapena mafuta ena wamba thupi lisanaumiretu.

Lachiwiri ndilo limasautsa kwambiri achinyamata. Khungu lakuda likapwetekedwa, kaya ndi chiphuphu, kaya ndi udzudzu, kaya ndi moto, timaselo topanga utoto tija timagwira ntchito mopitirira muyeso, ndipo pamalopo pamatsala banga lakuda limene limatha miyezi lisanazimiririke. Pa mzungu chiphuphu chimasiya kufiira kumene nthawi zambiri kumatha msanga. Pa ife chimasiya chidindo. Motero kufinya ziphuphu, kuzipaka mankhwala otsukira mano, mandimu kapena sopo wochapira zovala, monga amalangizirana ana a sukulu m'mahositelo, ndi kuitana mabanga ambiri. Ndipo dzuwa limadetsa mabangawo koposa, kotero kuti ngakhale munthu wakuda amene akulimbana ndi mabanga, kapena mayi amene nkhope yada m'masaya chifukwa cha pakati, amathandizidwa ndi chipewa ndi mafuta oteteza ku dzuwa. Palinso zipsera zotupa, zolimba ndi zoyabwa zimene madokotala amazitcha keloid, zomera pamene munthu adaboola khutu, pamene adatemera mphini kapena pamene adachitidwa opaleshoni. Zimenezi zimagwira anthu akuda kawirikawiri kuposa azungu, ndipo zimayenda m'magazi a pabanja. Ngati kwanu alipo amene ali nazo, ganizani kawiri musanaboole khutu lachiwiri. Anyamata nawo ali ndi lawo: ndevu zathu ndi zopotana, ndipo tikazimeta ndi lezala mpaka kupalira, tsitsi pomera limapinda ndi kubaya khungu, chibwano ndi kudzaza timatuza. Kumeta ndi makina osiya tsitsi pang'ono kumachepetsa vutoli.

Khansa ya pakhungu ndi yosowa pakati pa anthu akuda, koma ilipo, ndipo imakonda kubisala kumene utoto uli wochepa: kuphazi, m'chikhatho ndi pansi pa zikhadabo. Woimba wa ku Jamaica uja, Bob Marley, adamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 chifukwa cha melanoma imene idayambira pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi. Banga lakuda la kuphazi limene likukula kapena kusintha maonekedwe si loyenera kulidikira. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tinene pano kuti ngakhale maphunziro a udokotala adachedwa kuliona khungu lathu. Muyeso wotchuka wogawa makungu m'magulu, umene adaukonza Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard mu 1975, poyamba udali ndi magulu 4 okha, onse a azungu. Magulu a anthu ofiirira ndi akuda adaonjezedwa pambuyo pake. Mabuku ambiri amaphunzitsa kuti nthenda yakuti imadziwika ndi kufiira kwa khungu, chonsecho pa munthu wakuda kufiirako kumaoneka ngati kuderako kapena kutuwa, ndipo dokotala wosazolowera angathe kuphonya. Mnyamata wina wobadwira ku Zimbabwe, Malone Mukwende, akuphunzira udokotala ku St George's mu mzinda wa London, adatopa ndi kufunsa aphunzitsi ake kuti zizindikirozo zimaoneka bwanji pa khungu longa lake. Mu 2020, pamodzi ndi aphunzitsi ake awiri, adatulutsa kabuku ka zithunzi kotchedwa Mind the Gap koonetsa matenda pa khungu lakuda ndi lofiirira. Adali wophunzira chabe, wa msinkhu wa ambiri a inu amene mukuwerenga pano.

Tsopano tifike pa chilonda chenicheni. M'malo mophunzira zimene khungu lakuda limafuna, ambiri aphunzitsidwa kuti khungu lakudalo ndilo nthenda. Si za lero izi. Amayi athu akukumbukira masiku a Ambi, ndipo nthabwala ija ya nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola ndi yakale kuposa ambiri a ife. Si za kuno kokha ayi: ku India mafuta otchedwa Fair & Lovely adagulitsidwa kuyambira mu 1975, ndipo dzinalo adalisintha kukhala Glow & Lovely mu 2020 anthu atadandaula kwambiri. Koma tiyeni tione chimene chili m'mafuta ambiri oyeretsa khungu ogulitsidwa mwamseri, chifukwa safunsa adadya phula.

Muli zinthu zitatu zimene zimapezeka kawirikawiri. Choyamba ndi hydroquinone, amene amaletsa timaselo kupanga utoto. Dokotala angathe kumulembera munthu kwa kanthawi kochepa pochiza banga, koma akadzoledwa miyezi ndi zaka amabweretsa chosemphana ndi chimene munthu ankafuna: masaya ndi mphumi zimada bii, kuda kwa mabala kokhala ngati mwaye, kovuta kwambiri kuchiza. Madokotala a ku South Africa adalemba za nthenda imeneyi mu 1975 ataiona pa amayi ambiri akuda, ndipo mu 1990 dzikolo lidaletsa hydroquinone m'mafuta odzola. Chachiwiri ndi mankhwala amphamvu a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone, amene adapangidwira matenda ena a pakhungu kuti azidzoledwa pang'ono, kwa masiku owerengeka, dokotala akuyang'anira. Munthu akawasandutsa mafuta a tsiku ndi tsiku, khungu limapyapyala mpaka mitsempha kuonekera, limachita mizere yosafufutika, zipere ndi ziphuphu zimabuka, mabala sapola msanga, ndipo mankhwalawo akalowa m'magazi angathe kuyambitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Msampha wake ndi wakuti ukangosiya mwadzidzidzi nkhope imayabwa, imatupa ndi kuda koposa kale, ndiye munthu amabwerera ku botolo lomwelo ngati kapolo. Chachitatu ndi mercury, chiphe chowononga impso ndi ubongo, chimene chimadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba kapena akuyamwa, ndipo chimatsalira pa matawulo ndi zofunda za banja lonse. Maiko a Côte d'Ivoire mu 2015, Ghana mu 2016 ndi Rwanda mu 2018 adachitapo kanthu poletsa mafuta otere, ndipo mu 2023 maiko a m'pangano la Minamata adagwirizana zothetseratu mercury m'zodzoladzola zonse pofika 2025. Komabe timabotolo topanda dzina, tosakanizidwa kuseri kwa nyumba, tikugulitsidwabe pa Facebook ndi pa WhatsApp. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamwamba pa zonsezi, munthuyo amakhala atavula ambulera uja, ndi kuyenda pa dzuwa la October lomwelo wopanda chomutchinga.

N'kwapafupi kuseka mtsikana amene zala zake zada m'mfundo pamene nkhope yayera, koma ife tikuti oseka aja ayambe adzifunsa. Ndani adamuuza kuti kuda n'kunyansa? Kodi si anyamata amene amati akufuna mkazi woyera, azakhali amene poona khanda amathamangira kuyang'ana makutu kuti adziwe ngati lidzade, ndi anzake a kusukulu amene ankamutcha makala? Ngakhale chinenero chathu chimatitchera msampha. Mawu oti kuyera timawagwiritsa ntchito pa mbale yotsukidwa, pa khungu lofiirira, ndiponso pa Mzimu Woyera ndi anthu oyera a Mulungu. Mawu oti kuda timanenera khungu, chovala cha litsiro, ndi chidani chomwe. Mwana amene akumva zimenezi tsiku ndi tsiku angathe kusokoneza matanthauzowa osadziwa. Ife ophunzitsa katekisimu tiyenera kumasula bwino. Charles Lwanga ndi anzake a ku Uganda, amene Papa Paul VI adawalengeza kuti ndi oyera mu 1964, adali akuda ngati ife, chimodzimodzinso Josephine Bakhita wa ku Sudan amene adalengezedwa mu 2000. Kuyera kwawo sikudachokere m'botolo. Ndipo amene adayamba kale kudzola mafutawa asachite manyazi kupita ku chipatala, atatenga botololo, kuti amuthandize kusiya pang'onopang'ono; ife tisamutonze pamene khungu lake likubwerera mwakale, chifukwa miyezi imeneyo ndi yowawa.

Pali abale athu ena amene amatiphunzitsa kuti ngakhale mawu oti mtundu sakwanira pofotokoza zosowa za khungu. Mwana wachialubino ndi Mchewa, Myao, Mlomwe kapena Mtumbuka ngati makolo ake, koma thupi lake limapanga melanini wochepa kwambiri kapena silipanga n'komwe. Amatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, ngakhale onsewo ali akuda. Ngati onse ali ndi mbewu imeneyi m'magazi, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa 4 woti mwana abadwe wachialubino. Si tsoka la mayi, si ufiti, ndipo sizipatsirana. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'Malawi muli anthu achialubino 134,636. Dziko lonse lidamva za kuphedwa kwawo kuyambira mu 2014, ndipo ife Akatolika sitingaiwale kuti pa anthu 12 amene khoti lalikulu lidawapeza olakwa mu 2022 pa mlandu wokhudza imfa ya MacDonald Masambuka wa ku Machinga, mmodzi adali wansembe. Koma pali wakupha wina amene satchulidwa pa wailesi, amene amatenga miyoyo yambiri kuposa zikwanje, ndiye dzuwa. Mwana wopanda ambulera wa m'khungu akamalima, kuweta mbuzi ndi kuyenda ulendo wa kusukulu pa dzuwa lathuli, khungu limapsa, limakhakhala, limachita zilonda pa makutu, pa milomo ndi pakhosi, ndipo zilondazo zimasanduka khansa munthu akadali wachinyamata.

Imfa zimenezi n'zopeweka, ndipo njira zake n'zodziwika: chipewa cha khonde lalikulu, malaya a mikono yaitali, magalasi a dzuwa, kupewa dzuwa la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana, mafuta oteteza a mphamvu ya SPF 50 odzola mobwereza pakapita maola awiri munthu akakhala panja, ndi kukaonetsa khungu ku chipatala kawirikawiri kuti kachilonda kachotsedwe kasanakule. Bungwe la APAM, loimira anthu achialubino m'Malawi, lakhala likulira za mafuta amenewa kwa zaka zambiri, ndipo mu 2025 bungwe la WHO lidawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo. Kulemba pa mndandanda ndi kwina, kufika pa chipatala chaching'ono cha kumudzi ndi kwinanso. Mayi wa ku Phalombe kapena ku Ntchisi amene wapeza kuti mafuta atha, kapena amene alibe ndalama ya minibasi yopitira ku boma, amabwerera kunyumba chimanjamanja.

Apa parishi ili ndi mbali yake, ndipo si yofuna ndalama zambiri. Timachita Misa za panja pa zaka zikuluzikulu, timayenda Njira ya Mtanda pa Lachisanu Loyera dzuwa lili paliwombo, timaperekeza Ukaristia m'misewu kwa maola angapo. Kodi okonza mwambo amakumbukira kusungira mkhristu wachialubino malo pamthunzi? Kodi mnyamata wotumikira ku guwa amaloledwa kuvala chipewa chake pa mdipiti, kapena wina amamulamula kuti avule chifukwa cha ulemu? Pogawa ntchito ya m'munda wa tchalitchi, tingathe kumupatsa ya m'mamawa kapena ya m'nyumba. M'kalasi ya Tilitonse ndi ya Ulimbitso akhale kutsogolo, popeza maso ake saona patali, ndipo zolemba zake zikhale za zilembo zikuluzikulu. Mphakati uliwonse umadziwa mabanja ake onse ndi maina. Ukudziwa kumene kuli mwana wotere. Pa msonkhano wa mwezi uno, pamene tikuwerengera za chopereka cha odwala ndi cha maliro, tiikepo mzere wina wa chipewa, malaya a mikono yaitali ndi thiransipoti yopitira ku chipatala cha boma, ndipo pa 13 June, tsiku lokumbukira anthu achialubino pa dziko lonse, tiitane wachipatala adzayang'ane khungu la ana athu pabwalo la tchalitchi, pansi pa mtengo.